Chala cha Apongozi

Lolemba

Zoyenera kulongosoka tisanayambe china chilichonse:

1. Inki. Ilipo, koma yauma m'mbali. Kudontheza madzi pang'ono, osati ambiri.
2. Thumba la ndalama. Kulikhalira. Osalisiya ngakhale popita kuseri.
3. Mthunzi wa amayi. Pansi pa mkuyu. Khonde ndi langa ndi tebulo.
4. Mbuzi ya mesenjala wathu, Che Bwanali. Imangidwe kutali. Chaka chatha inadya tsamba la buku la msonkho, ndipo mpaka lero mudzi wina sudziwika ngati unakhoma.
5. Kolala. Yochapa, yosita.
6. Mtima wanga. Ukhale pansi!

Koma ukhala bwanji pansi? Boma likupereka ndalama! Ndilembenso, poti dzanja lazolowera zina: Boma likupereka! Zaka zonsezi ndakhala pa tebulo ili kulandira msonkho wa nyumba, anthu akundiyang'ana ngati fisi wovala jekete. Lero kwafika thumba lochokera ku Zomba. Muli masheleni a amayi osauka okhala ndi ana, amene amuna awo anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo, kumunda osasiyako wolima. Wogawa ndani? Ine! Ine ndemwe!

Bwana wa Boma akuopa achinyengo. Ine ndikuwaopa kuposa iwo. Choncho ndawalembera lamulo, lochokera m'mutu mwangamu, m'zilembo zopendekera zija anatiphunzitsa kusukulu yaikulu ya mishoni:

"Kalaliki aone nkhope ya mayi ndi maso ake. Agwire chala chachikulu cha mayi ndi dzanja lake, achinyike mu inki, achidinde papepala. Kalaliki yekha, osati wina. Pansi pake alembe dzina lake kuchitira umboni."

Bwana awerenga, agwedeza mutu kawiri. Kawiri! Asayina. Kope lina lanyamuka kale ndi wamtokoma kupita ku Zomba. Iwo akwera machira, ulendo wa kuphiri la Chambe kukaona ocheka mkungudza. Abwera Loweruka masana, ndipo zotsala m'thumba zibwerera kumene zachokera tsiku lomwelo.

Amayi lero abwera ochepa, akuyandikira chammbali, mwendo umodzi wokonzekera kuthawa. Woyamba walandira, waluma sheleni, wandiyang'ana nthawi yaitali. Akuti: "Achimwene, Bomali ladwala?"

Ndabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi, ya chisangalalo, mavesi onse.

Pa chakudya, nyemba za kalongonda. Mkazi wanga Esinati akuti: "Mawa kukubwera amayi anga kudzalandira."

Zoona! Mng'ono wake Malita anatisiya dzinja lapitali, mwamuna wa Malita ali kunkhondo komweko, ana atatu atsala m'manja mwa apongozi ku Chinakanaka, nkhokwe ili mbee. Ndikuti ayenera! Ndikuti ndiwo oyamba kuyenera! Ndikutafuna, ndikutafuna, kenako ndaleka kutafuna.

Apongozi. Nkhope. Chala. Dzanja langa.

Chikwatirireni sindinaonepo nkhope yawo. Ukwati anayendetsa ndi ankhoswe ine ndili kutali pantchito. Ndimawadziwa chitsokomolo chawo, ndi zidendene zawo zikulowa mu nandolo. Tikakumana panjira, iwo kumanzere, ine kumanja, aliyense maso kuphiri mpaka mnzake adutse. Mwambo ndi umenewo, ndipo kuyambira pano mpaka kwa Apwitikizi kulibe mkamwini wousunga kuposa ine.

Lamulo lija analemba ndani kodi?

Lachiwiri

Nzeru yoyamba: kulimba mtima. Nkhope, kuphethira kamodzi basi. Chala, kuchigwira ndi nsonga za zala ngati khala lamoto. Nkhani yatha.

Mbiri yafalikira! Mzere wachoka pamkuyu mpaka kukhitchini ya Bwana. Nthungululu! Mayi wina akuvina sheleni ili kukamwa, mwana akudumphadumpha kumbuyo. Wina wanditcha "bambo wa amasiye". Mayi yemweyo chaka chatha ananditcha dzina limene sindingalembe m'buku lino. Ndikudinda, ndikupereka, ndikusayina, dzanja likuuluka. Ntchito yokoma chonchi sindinaigwirepo!

Kenako kumapeto kwa mzere: khoo, khoo-khoo.

Miyendo yanga sinafunse kumutu. Ndangopezeka pansi pa tebulo, thumba nditalikumbatira. Apongozi nawo, poona kuti pakhonde pali ine, athawira kuseri kwa mulu wa matabwa.

Che Bwanali aima pakati, manja kumbuyo, ngati pa perete.

"Akadalipo, a kalaliki."

Atembenuka.

"Akadalipo, amayi."

Dzuwa lasuntha. Mthunzi wa mkuyu wasuntha. Ife ayi. Amayi akuseka mpaka kugwirira nthiti, wina akufuula: "Boma labisala!" Ndikuyesa kudzuka mwaulemu, mutu wagunda tebulo, inki yatsikira pakolala.

Potuluka, apongozi apita kale, wapansi, opanda kanthu.

Mbuzi yadula chingwe, yafika pakhonde. Ndivomere pano poti bukuli ndi langa ndekha: ndaiyandikizira pepala la lamulo mwadala. Yanunkhiza, yandiyang'ana, yachoka. Ngakhale mbuzi!

Esinati sanaseke.

Lachitatu

Nzeru yachiwiri, ndipo iyi ndi nzeru ndithu! Yandifikira mbandakucha ngati vumbulutso.

Zofunika:
Mphasa imodzi, yopachika pakati pa ine ndi amayi.
Bowo limodzi, lokwana dzanja.
Galasi lometera la Bwana, lopendeketsa pamwamba. Woona m'galasi saona munthu, amaona galasi. Lamulo lakwanira, mwambo wakwanira, ine ndapulumuka. Sanandiphunzitse pachabe!

Kuti apongozi asachite manyazi, amayi onse adzera njira yomweyo. Che Bwanali apachika, akupukusa mutu. Akuti: "Inshala, a kalaliki." Mawu awo sakumveka ngati a munthu wokhulupirira.

Galasi likuonetsa: mitambo, denga, mbuzi. Nkhope ayi.

Manja akulowa pabowo. Lina lalowa lili kale ndi inki. Ndalibweza. Lalowanso, atalipukuta ndi dothi. Ndalibweza. Lina laubweya, lonunkha anyezi. Limeneli ndikulidziwa, ndi la khuki wa Bwana. Ndalimenya ndi rula. Kuseri kwa mphasa: "Mayo! Ndine mayi wamasiye!" ndi mawu a besi.

Ndiye kwalowa dzanja lokalamba, louma, lazikang'a za khasu. Ndaligwira. Kuseri: khoo!

Ndakuwa. Ndalumpha. Phazi lakola chingwe, mphasa yagwa, galasi lagwa. Patsogolo panga paima gogo wina wa kutsidya la mtsinje, sindimudziwa n'komwe, chala chili m'mwamba. Akuti: "Mwana iwe, chala changachi chili ndi minga?"

Galasi lang'aluka pakati. Bwana azimeta nkhope ziwiri. Zimenezo ndidzaziganiza Loweruka.

Apongozi sanabwere. Atumiza mawu kudzera kwa Esinati: "Dzanja likadutsa pabowo silisanduka la munthu wina."

Kusukulu yaikulu kunali aphunzitsi odziwa kutsutsa, koma wofika apa kunalibe.

Lachinayi

Nzeru yachitatu: kutsata njira ya makolo. Ndinamva kuti kupewana kumatha kumasulidwa. Nditaweruka ndathamangira ku Chinakanaka kwa nkhoswe wathu, a Mulaviwa. Ndawapeza akusoka dengu. Ndafotokoza zonse, mwadongosolo, mfundo ndi mfundo.

Akuti zimatheka. Zimatheka! Ndatsala pang'ono kuwapsompsona m'manja.

Akuti pangofunika:
Tambala woyera.
Mowa.
Akuluakulu a mbali zonse ziwiri.
Malume ake a Esinati, amene ali tsidya la malire, kwa Apwitikizi, ndipo mwendo ukuwavuta.

Ndikuti mowawo ungapse liti? Akuti: "Chimera chimere kaye."

Ndikuti ndili ndi mpaka Loweruka. Akuti: "Loweruka lake liti?"

Ndikuti la mkuja. Aseka mpaka dengu lagwa.

Pobwerera ndadzera kuseri kwa mudzi, njira ya akamwini. Ndaona ana a Malita pabwalo. Wamkulu, Mwandida, akuphika mango aawisi mu kamphika, awiri aja akhala chete akuyang'ana moto. Ana akakhala chete chotero si ulemu. Ndaima kuseri kwa nthochi nthawi yaitali.

Kunyumba Esinati akuti: "Bweretsani pepalalo ndidinde ine. Chala ndi chala. Adziwa ndani?"

Ndafotokoza: pansi pake pamakhala dzina langa, kuti ndaona ndi maso, ndagwira ndi dzanja. Chiyambireni ntchito sindinasayinepo bodza. Komanso Bwana ali ndi galasi lina lokulitsa zinthu, ndipo amene anawaonetsa kuti mizere ya zala imasiyana ngakhale pa mayi ndi mwana wake ndi ine ndemwe, Lolemba, ndikudzitama. Mkazi wa kalaliki kulandira ndalama za Boma m'dzina la wina! Ndikudziona kale ndili pa unyolo, ndikutchetcha udzu kutsogolo kwa ofesi yanga yomwe, amayi onse aja akudutsa.

Akuti: "Chabwino. Anawo adye lamulo lanulo. Muwathirireko mchere."

Wandipatsa msana. Msana wake ndi wofanana ndi wa amayi ake. Umenewo ndiye ndimaudziwa bwino.

Lachisanu

Nzeru yachinayi, yomaliza, yosalephera: kukwera ku Chambe, kukapeza Bwana, asinthe mzere umodzi. Mawu awiri okha: "kapena mesenjala." Bwanji sindinaganize Lolemba? Ndadzuka ndikuseka ndekha!

Che Bwanali lero ali kumzikiti masana, ndiye ofesi ndatseka. Thumba sindingalisiye. Ndalimanga pamimba, mkati mwa malaya. Ndikuoneka ngati ndili ndi pakati pa miyezi yambiri, ndipo ndikamayenda ndikulira ngati wovina wa masewe.

Zokanena kwa Bwana:
1. Moni.
2. Lamulo ndi labwino kwambiri.
3. Koma.

Pa "koma" pamenepo ndi pamene pakundivuta. Ndikukwera ndikuyeseza. Patebulo la Bwana pali chithunzi cha mayi wonenepa wovala chipewa cha maluwa. Tsiku lina ndinafunsa. Anati ndi mayi a mkazi wawo. Apongozi awo! Amawayang'ana m'maso tsiku lililonse akumwa tiyi, osaphethira, osathawira pansi pa tebulo. Munthu wotere ndimufotokozera bwanji?

Nsapato za ofesi si za phiri. Ndaterereka pathanthwe, buluku lang'ambika malo oipa. Chiperoni chatsika, sindikuona ngakhale dzanja langa. Ndikukwawa. Ndikupemphera. Thumba likundikoka ngati likufuna kubwerera lokha ku Zomba.

Mu nkhungumo mwatuluka ocheka matabwa, akutsika chothamanga, matabwa pamutu, opanda nsapato, akuimba. Ndafunsa za Bwana. Mmodzi, osaima n'komwe: "Mzungu? Watsika kale, njira inayo!" Wina kumbuyo: "Pepani amayi, mwezi wake ndi uno?"

Ndatsika chokhala.

Dzuwa likulowa ndili kunyumba. Esinati wasoka buluku. Wasoka bwino, koma ulusi wake ndi wofiira. Ndikuganiza kuti wachita dala.

Mawa masana thumba lipita. Mango aawisi aja sakuchoka m'maso.

Loweruka

Ndilembe msanga dzanja lisanaiwale!

Bwana afika m'mawa, ndevu zosameta bwino, akundiyang'ana modabwitsa. Za galasi sananene. Akhala pampando pakhonde, wotchi pabondo, akuti akufuna aone lamulo lathu likugwira ntchito. Lathu!

Ndikudinda otsala. Mzere ukuchepa. Mthunzi ukufupika. Nzeru zatha, ndilibe ina.

Khoo, khoo-khoo.

Amayi onse atsegula njira. Pakubwera munthu akuyenda chambuyo, nsalu yakuda kumutu, Mwandida akumuongolera ndi dzanja, awiri aja atagwira m'mphepete mwa nsalu. Chambuyo kuchokera pamkuyu mpaka pamasitepe! Miyendo yanga yayamba kale ulendo wa pansi pa tebulo. Che Bwanali aponda phazi langa ndi nsapato yawo ya Boma, osandiyang'ana, osachotsa.

Apongozi aima. Alankhula, osati kwa ine ayi, kwa nsanamira ya khonde.

"Iwe nsanamira, uwauze a kalaliki kuti ana sadya manyazi."



Ine ndayang'ana botolo la inki. Mawu atuluka ngati a mwanapiye: "Iwe botolo, uwauze amayi kuti ndamva."

Bwana akufunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Che Bwanali, nkhope youma: "Moni wa kuno, Bwana. Wa anthu olemekezana kwambiri." Bwana atulutsa kabuku, alemba.

Dzanja latambasuka kuchokera kumbuyo. Laling'ono, louma, lotentha. Ndaligwira. Kumwamba sikunagwe. Phiri lili pomwe lija. Ndanyika, ndadinda, chidindo chooneka bwino kuposa zonse za sabata ino, mizere yonse mbee!

Bwana akuti: "Nkhope?"

Mzungu ameneyu amawerenga malamulo mpaka kumapeto.

Ndisanatsegule pakamwa, apongozi atembenuka okha, akoka nsalu. Ndaona. Ndaona! Nkhope ya Esinati yeniyeni, yongowonjezera mphini m'masaya ndi zaka. Maso akuthwa. Iwonso akundiyang'ana, kuyambira kutsitsi, kolala ya inki, mpaka ulusi wofiira. Sakufulumira. Kenako atembenukira kwa nsanamira.

"Ndiye ameneyu? Mwana wanga ankati ndi wamtali."

Bwalo laphulika! Nthungululu, kuseka, wina wagwa pansi, khuki watuluka ndi chipande m'manja. Che Bwanali akulira misozi ali chiimire pa perete. Ine ndikuwerengera masheleni m'dzanja la apongozi anga, imodziimodzi, ndikuseka nawo ngati wopenga, sindikudziwa chifukwa chake. Amanga pansonga ya nsalu, mfundo ziwiri. Aphimbanso mutu. Achoka chambuyo monga anabwerera, mwaulemu wonse. Wamng'ono uja akufunsa mokweza ngati lero kugulidwe nyemba.

Ndasayina dzina langa. Ndaona ndi maso, ndagwira ndi dzanja. Zoona zokhazokha!

Bwana akondwa kwambiri. Andigwira paphewa. Akuti sanaonepo ntchito yoyenda mwamtendere chonchi, akalembera ku Zomba kuti lamulo lisasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Akutinso amva kuti thumba lizibwera mwezi ndi mwezi mpaka amuna abwerere.

Mwezi ndi mwezi.

Ndakhala pansi pang'onopang'ono.

Lamulungu

Thupi lonse likuwawa. Ndapita kutchalitchi ndikutsimphina.

Ku Chinakanaka nkhani yagawa mudzi. Ena akuti ndalakwa ine, poti ndinagwira. Ena akuti alakwa iwo, poti anatambasula. A Mulaviwa akuti yalakwa ndi nsanamira, koma nsanamira ilibe nkhuku, ndiye nkhuku ichoka kwa ine. Ndagula tambala woyera. Ali ndi nthenga imodzi yakuda kumchira. Ndaizula. Mulungu andikhululukire, lero ndi Sabata.

Esinati wabwera kuchokera kwawo akuimba. Akuti agula chimanga, nyemba ndi mchere, ana adya mpaka wamng'ono wagona atakhala. Akuti amayi anena kuti dzanja langa ndi lofewa ngati la khanda, zikuoneka kuti khasu ndimalidziwa pa chithunzi. Akuti anena akuseka. Za utali sindinafunse, ndipo iye sanayambitse.

Chovuta ndi ichi. Madzulo ano, panjira ya kumtsinje, khoo, khoo-khoo. Ndaima. Tsopano tinaonana kale. Ndipereke moni? Ndithawe? Mutu ukadaganiza, miyendo yalumphira mu nandolo. Iwonso alumphira mu nandolo. Mbali imodzimodzi! Takhala chogwada, phesi limodzi lokha pakati pathu, aliyense maso kuphiri. Patapita nthawi ndamva akuuza nandolo kuti: "Uwauze adutse, mawondo anga si a mtsikana."

Ndadutsa.

Zoyenera kulongosoka mwezi usanathe:

1. Galasi la Bwana.
2. Kolala ina.
3. Kusiya kulemba malamulo.
4. Kudziwa ngati ndine womasuka kapena ayi.

Tambala wapita ndi a Mulaviwa, pamodzi ndi funso langa: thumba likadzabweranso, ndidzawapatse moni ngati munthu, kapena tipitirize kuvutitsa nsanamira ndi botolo? Chilichonse ndilandira. Akati mphasa, mphasa ilipo. Akati chambuyo, ndiyenda chambuyo ine. Ndawachonderera a Mulaviwa kuti asadikire chimera, asadikire mwendo wa malume, angondibweretsera mawu amodzi.

Akuti: "Mumva."

Ndikuti liti?

Akuti: "Loweruka."

Sananene lake liti. Chonde, a Mulaviwa, chonde apongozi, yankho libwere msanga. Mwezi waoneka kale, ndipo inki ndatsala nayo yambiri.